Nyumba zogona za pa Haute Route, Chamonix mpaka Zermatt: zimene mumalipira ndi zimene mumapezako

Pa Cabane des Vignettes, imodzi mwa nyumba zogona za m'mapiri a Alps pa ulendo wa Haute Route, chakudya cham'mawa chimafika patebulo kunja kudakali mdima wandiweyani, cha m'ma 5 koloko. Pamakhala buledi, batala, jamu, muesli, tiyi ndi khofi za m'mitsuko ikuluikulu. Anthu amadya mwakachetechete. Pakapita theka la ola, khomo la nyumba yogona anthu oposa 100 limadzaza ndi matochi a pamphumi, aliyense akumanga jombo ndi kuyesa kawayilesi kake kothandiza kupeza munthu akakwiririka ndi sinowo. Wobwera koyamba angaganize kuti eni nyumba akufuna kuthamangitsa alendo. Ayi ndithu. Kudzuka mbandakucha kumeneku ndiye katundu weniweni amene nyumba izi zimagulitsa, ndipo muziyesa ndi muyeso umenewu: kodi zimakutulutsani panja muli okhuta, zovala zili zouma, pa nthawi imene chipale chidakali cholimba?

Haute Route ndi ulendo wa pa ski (timatabwa tiwiri titalitali tomangirira kumapazi poyenda pa sinowo) wochokera ku Chamonix, m'munsi mwa Mont Blanc ku France, kukafika ku Zermatt, m'munsi mwa Matterhorn ku Switzerland. Angelezi a Alpine Club anayamba kuudutsa wapansi m'chilimwe cha 1861, ndipo unadutsidwa pa ski mu 1911. Lero ambiri amauyenda masiku 6 kapena 7, pakati pa mwezi wa Malichi ndi kumayambiriro kwa Meyi, pamene nyengo yozizira ya ku Ulaya ikutha. Si ski wa m'malo achisangalalo kumene chikepe cha pachingwe chimakukwezani inu n'kumangotsetsereka. Kuno mumakwera nokha. Kunsi kwa ski mumamata nsalu yaubweya imene amaitcha zikopa, chifukwa kale zinalidi zikopa za nyama ya m'nyanja. Ubweyawo umalola ski kupita kutsogolo koma osabwerera m'mbuyo. Mukafika pa mpata wa phiri mumamatula zikopa, kukhoma chidendene cha jombo, n'kutsikira tsidya linalo. Tsiku lililonse mumakwera mamita pafupifupi 1,000, chikwama chili kumsana.

Chifukwa chimene anthu amasankhira miyezi imeneyi chiyenera kumveka bwino, popeza dongosolo lonse la nyumbazi latsamira pamenepo. Pofika Epulo, sinowo amakhala atakhazikika ndipo wakwirira ming'alu ya m'mitsinje ya madzi oundana (glacier) ndi milatho yochindikala. Masana dzuwa limasungunula pamwamba pake, usiku kukayera kumwamba kutentha kumathawa ndipo sinowo amaumanso gwa. M'mawa mumayenda pa chinthu cholimba ngati simenti. Dzuwa likawomba ola limodzi kapena awiri, masentimita awiri kapena atatu apamwamba amafewa pomwe pansi padakali polimba, ndipo imeneyi ndiyo nthawi imene aliyense amaifunafuna: ski imaluma bwino, imakhota mosavuta. Koma ikangodutsa, madzi amalowa pansi, sinowo amasanduka phala lolemera, milatho ya pa ming'alu imafooka, ndipo zitunda zimayamba kugumuka. Mbali zoyang'ana kum'mawa ndizo zimayamba kufewa, kenako za kum'mwera, za kumadzulo pambuyo. Muyeso wake ndi wosavuta: vulani ski, pondani ndi jombo. Mukamira kupitirira mu akakolo, nthawi yapita. Mukamira mpaka m'mawondo, simuyenera kukhala pansi pa chitunda chilichonse. Usiku kukachita mitambo sinowo saumanso, ndipo tsiku lotsatira limayamba litawonongeka kale ngakhale mutadzuka 3 koloko.

N'chifukwa chake alendo amafika pa nyumba yotsatira cha m'ma 1 kapena 2 koloko masana, n'kutha masana onse atakhala pakhonde, jombo zitasanjidwa padzuwa, akudya rösti, chomwe ndi mbatatesi yopala yokazinga, nthawi zambiri yothira tchizi ndi dzira pamwamba. Chikhalidwe cha ulendowu n'chimenechi: ntchito yonse m'mawa, masana kupuma ndi kukonza zida.

Amene munagonapo m'nyumba za pa phiri la Mulanje muiwale kaye zimene mukudziwa. Ku Chambe kapena ku Lichenya mumanyamula ufa ndi ndiwo zanu n'kudziphikira, mlonda n'kukuthandizani nkhuni ndi madzi. Nyumba za ku Alps zili ndi woyang'anira, amene amamutcha gardien, ndi gulu lake la ophika. Mumalipira malo ogona pamodzi ndi chakudya chamadzulo ndi cham'mawa, ndipo m'nyumba za ku Switzerland mtengo wake umazungulira pa ma franc 80 mpaka 100 usiku umodzi. Mamembala a makalabu a okwera mapiri amene ali pa mgwirizano ndi Swiss Alpine Club amachotseredwa pa mtengo wa bedi, osati wa chakudya. Kwa okhala ku Britain, njira yodziwika ndi kulowa nthambi ya ku UK ya Austrian Alpine Club, imene umembala wake umabwera ndi inshulansi yopulumutsira munthu m'phiri. Kusiyana kwina ndi msinkhu: Cabane du Trient ili pa mamita 3,170, kutanthauza kuti usiku wachiwiri wa ulendo mumagona pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa, imene ili pa mamita 3,002. Mutu umawawa, tulo timavuta, chakudya sichikoma. Fikani ku Chamonix kudakali masiku awiri kapena atatu, muyambe mwakwera ndi kutsika kuti thupi lizolowere.

Chakudya chamadzulo chimaperekedwa kamodzi, cha m'ma 6:30 kapena 7 koloko, gulu lililonse patebulo lolembedwa dzina lake. Amayamba ndi supu, kenako mpunga, pasta kapena polenta ndi nyama, n'kumalizira kanthu kotsekemera. Polenta ndi ya ufa wachimanga chachikasu, yofewa kuposa nsima, ndipo m'mimba imakhala bwino lomwe. Chakudyachi n'chosavuta koma n'chambiri, ndipo mbale ikatha mukhoza kupempha china. Tikaganiza kuti chilichonse, kuyambira anyezi mpaka gasi, chimabwera pa helikoputa, ophika a m'nyumbazi amayenera ulemu. Osadya nyama kapena nkhumba anene polembetsa, osati atakhala kale patebulo, chifukwa khitchini imaphika mphika umodzi wa anthu onse molingana ndi chiwerengero. Mukatha kudya mumasonkhanitsa mbale nokha ndi kupukuta tebulo. Bilu imalipidwa usiku womwewo, popeza m'mawa palibe amene ali ndi nthawi yowerenga ndalama. Nyamulani ma franc a m'manja, ndi mayuro a usiku woyamba ku France. Makina a khadi amadalira netiweki imene m'phiri imabwera ndi kupita.

Pamene ambiri amakhumudwa ndi pa madzi. M'nyumba zapamwamba mipope imakhala youma nyengo yonseyi. Kusamba kulibe, zimbudzi zambiri n'zopanda madzi, ndipo botolo la lita imodzi ndi theka limagulidwa pafupifupi ma franc 10. Mtengowu umapweteka, komabe uli ndi chifukwa chake: botololo lakwera pa ndege. Munthu woyenda tsiku lonse pamwamba chonchi amafunika malita atatu kapena kuposa, choncho ikani ndalama ya madzi mu bajeti kuyambira kunyumba. Chotchipirapo ndi tiyi wa paulendo, thé de marche, amene amakuthirirani m'fulasiki mukasiya fulasikiyo pamalo ake madzulo kapena m'mawa. Musadalire thumba la madzi lokhala ndi kapaipi koyamwira. Kapaipiko kamaundana ola loyamba lomwe. Fulasiki ya lita imodzi ndi botolo wamba lokulunga m'jekete zimagwira ntchito bwino. Cabane du Mont Fort, pa mamita 2,457, ndi yosiyana ndi zinzake chifukwa ili m'kati mwa malo a ski a ku Verbier ndipo ili ndi mashawa olipira. Sambani pamenepo.

Zogona ndi zipinda za anthu ambiri, matiresi ataphatikizana, bulangete kapena duveti ndi pilo zili pomwepo. Zofundazi sizichapidwa tsiku ndi tsiku, ndiye lamulo n'lakuti aliyense abwere ndi thumba lake lopyapyala logonamo, la silika kapena la thonje. Thumba lochindikala la msasa n'losafunika, mungolemedwa nalo. Jombo sizilowa m'kati: zimatsala m'chipinda cha pakhomo, inu n'kuvala masilipasi a nyumbayo. Tulutsani nsalu zam'kati mwa jombo kuti ziume, koma lembani dzina pa jombo, pa zikopa ndi pa ndodo, chifukwa m'mawa mumdima zida zofanana zimasinthana mosavuta, ndipo munthu amene watenga zikopa zazifupi za mnzake amazindikira ali kale pa chitunda. Magetsi amazima 10 koloko. Mkonono ndi wosapeweka, zotsekera m'makutu musaziiwale. Longedzani chikwama madzulo, kunja kwa chipinda chogona. Kupukusa majumbo a pulasitiki 4 koloko m'mawa pamutu pa anzanu ndi mwano waukulu m'nyumba zimenezi. Zinyalala zanu mumatsika nazo nokha.

Masoketi ochajira foni ndi ochepa ndipo magetsi ake ndi a dzuwa, choncho batire yapadera ndi yofunika. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito ku Malawi ndi ku Britain silowa. Soketi ya ku France ndi ya ku Switzerland n'zosiyananso, koma pulagi yopyapyala ya mano awiri ozungulira imalowa monsemo. Adaputala yonenepa yozungulira ya ku France imakana ku Switzerland.

Tiyeni tiione njirayo nyumba ndi nyumba, potsata njira yodzera ku Verbier imene magulu ambiri amatenga.

Chiyambi ndi ku Grands Montets, pamwamba pa mudzi wa Argentière. Moto unawononga siteshoni ya chikepe cha kumeneko mu Seputembala 2018, ndipo kuyambira pamenepo tsiku loyamba lakhala ndi kukwera kwa miyendo kochuluka kuposa mmene mabuku akale amanenera. Funsani ku ofesi ya zikepe zimene zikuyenda chaka chimenecho. Refuge d'Argentière, pa mamita 2,771, ndi ya kalabu ya ku France, ndipo khonde lake limayang'anizana ndi makoma a kumpoto a mapiri a Les Droites ndi Les Courtes. Kuchokera apa njira yakale yopita ku Trient imadutsa mpata wa Col du Chardonnet, pamwamba pa mamita 3,300, pomwe mbali ya ku Switzerland mumatsika pa chingwe. Madzi oundana atsika kwambiri m'zaka zapitazi, khwawalo latalika ndipo miyala imagwa, komanso magulu akachuluka pamakhala mzere wa ola lathunthu pamphepo. Anamulondola ambiri tsopano amadzera Col du Passon, pa mamita 3,028, pomwe ski mumazimangirira pachikwama n'kukwera khwawa ndi zikhadabo zachitsulo kumapazi. Ife timaona kuti kusankha Passon n'kwanzeru kwa gulu wamba, ndipo namulondola akakuuzani choncho musaganize kuti akukuberani mbali ya ulendo.

Trient ndi nyumba yamiyala yoyang'ana chigwa chachikulu choyera, ndipo dzuwa likamalowa m'povuta kulowa m'nyumba. M'mawa mwake mumatsika m'mbali mwa ming'alu ya Glacier du Trient, kukwera pang'ono pa Col des Ecandies ski zili kumsana, n'kutsetsereka Val d'Arpette mpaka ku Champex. Kutsika kumeneku n'kotalika ndiponso n'kokoma, koma chigwacho chimalandira zigumukire kuchokera mbali zonse, ndiye sichifuna kuchedwa. Ku Champex mumakwera takisi kupita ku Le Châble kapena ku Verbier, n'kukwera zikepe. Ena amaona kuti galimoto pakati pa ulendo ikuchotsa ulemerero wake. Njira ina ilipo, ngakhale nayonso imafuna galimoto kuchokera ku Champex, yodzera ku Bourg-Saint-Pierre, Cabane de Valsorey ndi Plateau du Couloir, koma ili ndi chitunda chowongoka kwambiri chimene mumakwera wapansi phompho lili kumunsi, ndipo imafuna sinowo wokhazikika ndi anthu ozolowera zikhadabo. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, ya ku Verbier ikukwanirani.

Kuchokera ku Mont Fort mumadutsa mipata iwiri n'kukwera Rosablanche, mamita 3,336, kenako kutsikira ku Cabane de Prafleuri. Nyumbayi ili m'chigwa momwe ankakumba miyala yomangira damu la Grande Dixence, lotalika mamita 285, ndipo malowo amaonekabe ngati pa mgodi. Kukongola kulibe kwenikweni, koma malo ake ndi oyenera, chifukwa tsiku lotsatira ndi limene nthawi imalamulira kuposa masiku onse. Mukangodutsa Col des Roux mumayenda mopingasa pamwamba pa Lac des Dix, pansi pa zitunda zoyang'ana kum'mawa zimene dzuwa limayamba kuwomba likangotuluka. Sinowo akauma bwino, mumatsetsereka mopingasa mtunda wautali osataya msinkhu, ndipo ola limodzi ndi theka mwafika kumapeto kwa nyanja. Akapanda kuuma, ulendo womwewo umasanduka maola atatu okankha ndi ndodo m'phala, pansi pa zitunda zimene zikhoza kugumuka. Amene akukumbukira napolo wa ku Phalombe mu 1991 akudziwa mmene phiri lonyowa limatsikira ndi miyala yake. Chigumukire cha sinowo wonyowa chimayenda pang'onopang'ono kuposa cha wouma, koma n'cholemera ngati konkire ndipo chikaima chimauma nthawi yomweyo. Kumapeto kwa nyanja kuli Pas du Chat, chitunda chachifupi chowongoka chimene m'mawa chimakhala ngati galasi. Apa valani ma couteaux, timipeni tachitsulo tolowa pansi pa jombo n'kumaluma ayezi, musanayambe chitundacho. Kuwavala muli pakati pake, mwendo umodzi uli m'mwamba, ndi pamene ski zimapulumuka n'kutsikira kunyanja zokha.

Cabane des Dix, mamita 2,928, yakhala pa kachulu ka mwala moyang'anizana ndi Mont Blanc de Cheilon, ndipo pa nyumba zonse za njirayi ndi imene ili ndi macheza ambiri masana. Koma chofunika kwambiri pa nyumbayi ndi chisankho chimene mumapanga m'mawa. Njira yaikulu imakwera Pigne d'Arolla, pafupifupi mamita 3,790, nsonga yapamwamba ya ulendo wonse, kudzera pa chitunda cha Serpentine, n'kutsikira ku Vignettes. Kumwambako ndi chigwa chotakasuka chopanda chizindikiro chilichonse. Chifunga chikagwa simusiyanitsa kumwamba ndi pansi, ndipo polowera ku Vignettes ndi pakampata kakang'ono pakati pa maphompho. Pa 29 Epulo 2018 anthu 14 anagwidwa ndi mkuntho pamalo amenewa, nagona panja mamita mazana ochepa chabe kuchokera pa nyumba, ndipo 7 anamwalira. Njira ina ilipo: kuwoloka Glacier de Cheilon, kudutsa mpata wa tsidya linalo n'kutsikira ku mudzi wa Arolla, kumene kuli basi, kapena kukwereranso ku Vignettes kuchokera kumunsi nyengo ikalola.

Apa ndi pamene pali chofooka chachikulu cha dongosolo lonse la nyumbazi, ndipo si vuto la woyang'anira aliyense payekha. Malo amalembetsedwa pa intaneti miyezi ingapo ulendo usanachitike, ndipo m'masabata a Isitala nyumba zimadzaza. Mukachedwa tsiku limodzi chifukwa cha nyengo, mndandanda wonse wa mabedi anu umasokonekera, ndipo kulephera kufika osadziwitsa pa nthawi yake kuli ndi chindapusa. Zimenezi zimakankha anthu kutuluka tsiku loyenera kukhala pansi. Mankhwala ake ndi atatu. Siyani tsiku limodzi kapena awiri opanda pulogalamu kumapeto, tikiti ya ndege isakhale ya tsiku lotsatira kufika ku Zermatt. Yambani ulendo pakati pa sabata, osati Loweruka kapena Lamlungu pamene magulu amalonda amanyamuka onse pamodzi. Ndipo muziyankhula ndi gardien: oyang'anira nyumbazi amaimbirana foni tsiku lililonse, amadziwa kumene kwatsala malo, ndipo nyengo ikaipa magulu onse amasuntha limodzi, mabedi n'kupezeka. Mukasintha njira, imbirani nyumba imene ikukuyembekezani ndi imene mukupita. Woyang'anira amene akudziwa kuti gulu la anthu 5 linayenera kufika 2 koloko ndiye woyamba kuitana opulumutsa likapanda kuoneka.

Lipoti la zigumukire limapachikidwa pakhoma m'nyumba iliyonse. Ku Switzerland limachokera ku bungwe la SLF la ku Davos, limatuluka 5 koloko madzulo ndi kukonzedwanso 8 koloko m'mawa, ndipo limapezeka pa apu ya White Risk. Ku France ndi la Météo-France. Muyeso wake ndi 1 mpaka 5. M'miyezi imeneyi lipotilo nthawi zambiri limakhala ndi mapu awiri, a m'mawa ndi a masana, ndipo kuwerenga oyamba okha n'kudzinamiza. Nambala 3 isakupusitseni poti ili pakati: ngozi zambiri zakupha zimachitika pa 2 ndi 3, chifukwa pa 4 anthu amakhala m'nyumba. Zigumukire zambiri zimayambira pa zitunda zopendekeka madigiri 30 mpaka 45, ndipo mapu a swisstopo, bungwe la boma la Switzerland lojambula mapu, amapaka mtundu malo onse opitirira madigiri 30. Koperani mapuwo mufoni mudakali kumudzi, ndipo gulu likhale ndi mapu a pepala, kampasi ndi GPS ina yapadera, poti foni ikazizira batire imafa mwadzidzidzi. Nambala zangozi ndi 112, ndipo m'chigawo cha Valais, momwe muli mbali yaikulu ya njirayi, ndi 144. Helikoputa ya ku Switzerland imatumiza bilu, ndiye onetsetsani kuti inshulansi yanu yatchula ski wa kunja kwa malo okonzedwa ndi msinkhu wofika mamita 4,000.

Nyumba sizibwereketsa zida, ndipo pakati pa Verbier ndi Zermatt palibe sitolo pokhapokha mutatsikira ku Arolla. Aliyense amavala kawayilesi ka zigumukire, DVA m'Chifalansa, kamene kamaulutsa pa 457 kHz. Kamavalidwa pathupi pansi pa jekete, osati m'chikwama, ndipo foni izitalikirana nako masentimita 20 poyenda ndi 50 pofufuza munthu. Pamodzi nako pamafunika fosholo yachitsulo, osati yapulasitiki imene imathyoka pa sinowo wogumuka, ndi ndodo yofufuzira ya masentimita 240 kapena kuposa. Wokwiririka akafukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira mwayi wake ndi waukulu, zikadutsa umatsika msanga, choncho omupulumutsa ndi anzake omwe ali pomwepo. Yesezani kufufuza ndi kukumba musananyamuke. Pa madzi oundana mumavala lamba wa m'chiuno ndi m'ntchafu tsiku lonse, kuti mukagwera mumng'alu pakhale pokokera. Gulu limanyamula zingwe, ndipo aliyense kankhwangwa ka ayezi, zikhadabo zoyezeredwa kale pa jombo zake, ndi chomangira cha mu ayezi chimodzi. Ski za mamilimita 85 mpaka 95 m'lifupi pakati pake ndizo zoyenera. Zazikulu kuposa apo zimalemera ndipo sizigwira bwino popingasa pa ayezi. Chikwama cha malita 35 mpaka 40 chisapitirire makilogalamu 10.

Zimene zimaononga masiku a anthu kawirikawiri si zigumukire koma tinthu ting'onoting'ono. Zikopa zikanyowa padzuwa kenako n'kulowa mumthunzi, sinowo amaundana kunsi kwake mpaka phazi lililonse kulemera ngati mwamangirira njerwa. Pakani phula la zikopa m'mawa zidakali zouma, ndipo nyamulani kopalira. Guluu wa zikopa akazizira kapena kugwira sinowo samata. Pakati pa mipata zisungeni m'jekete pamimba, ndipo m'nyumba ziyanikeni kutali ndi mbaula chifukwa kutentha kumaononga guluuyo. Malamba awiri a rabala ndi tepi yolimba zimapulumutsa chikopa chimene chakaniratu. Zomangira jombo za timano tiwiri zimamasuka zokha ngati m'timabowo ta jombo kapena pansi pa sipuling'i mwalowa ayezi. Musanatsike, lowetsani jombo, igwedezeni kutsogolo ndi kumbuyo kangapo, itulutseni, muilowetsenso. Matuza a kuchidendene amabwera ndi jombo zobwereka zimene simunayendepo nazo, choncho matani tepi tsiku loyamba khungu lisanatenthe. Dzuwa la pa sinowo limawotcha ngakhale khungu lakuda, makamaka milomo, pansi pa mphuno ndi m'makutu, ndipo maso opanda magalasi akuda kwambiri a gulu 4 amatupa usiku ngati mwathiridwa mchenga. Nyamulani magalasi awiri.

Za namulondola: ngati m'gulu mwanu mulibe anthu odziwa kuyenda pa madzi oundana m'chifunga ndi kutulutsa munthu mumng'alu, lembani ntchito namulondola wa satifiketi ya IFMGA, bungwe la padziko lonse la anamulondola a m'mapiri. Compagnie des Guides de Chamonix, imene inakhazikitsidwa mu 1821, ndi makampani ena ambiri amagulitsa ulendowu, namulondola mmodzi pa alendo osapitirira 6, ndipo mtengo wa sabata umapitirira mayuro 1,000. Musanalipire funsani ngati mtengowo ukuphatikiza nyumba, zikepe, takisi ya ku Champex ndi chakudya cha namulondolayo. Funsani kuti gulu ndi la anthu angati, ngati pali tsiku loyeserera, ndi chimene amachita nyengo ikatseka njira. Kampani yabwino imakufunsani mafunso ambiri kuposa amene inu mukuifunsa. Imafuna kudziwa ngati mumatha kutsika pa sinowo wamtundu uliwonse chikwama chili kumsana, ngati mumatha kutembenuza ski pa chitunda chowongoka mutaima ndi mwendo umodzi, ndiponso ngati mungakwere mamita 300 mpaka 400 pa ola kwa maola anayi. Imene ikungolandira ndalama osafunsa, ikayikireni, chifukwa munthu mmodzi wochedwa amachedwetsa gulu lonse mpaka dzuwa kulipeza pamalo oipa. Amene sanayambe wavalapo ski ayambe ndi nyengo zingapo pa malo okonzedwa; ulendowu si wophunzirirapo. Okhala ndi pasipoti ya Malawi kapena Zambia afunika viza ya Schengen ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhala ku Britain, ndipo viza imodziyo ikukwanira France, Switzerland ndi kachigawo ka Italy kamene mumadutsa tsiku lomaliza.

Tsiku lomalizalo, lochokera ku Vignettes kukafika ku Zermatt, ndi lalitali kuposa onse, makilomita pafupifupi 30 ndi mipata itatu: Col de l'Evêque, Col du Mont Brulé umene mumakwera wapansi ski zili kumsana, ndi Col de Valpelline, pamwamba pa mamita 3,500. Gulu wamba limatenga maola 8 mpaka 10, ndiye tiyi wa 5 koloko uja. Mukangotulukira pa Valpelline, Matterhorn ndi Dent d'Hérens zimaima patsogolo panu, ndipo kutsika kwake kumadutsa pakati pa ming'alu ya Stockji n'kuyenda pansi pa khoma la kumpoto la Matterhorn. Tsatirani mzere wa namulondola ndendende, siyanani mamita angapo, ndipo musaime pansi pa zipilala za ayezi zolendewera kuti mujambule chithunzi. Dera lomweli ndi limene mpikisano wa Patrouille des Glaciers, wokonzedwa ndi asilikali a Switzerland zaka ziwiri zilizonse kuchokera ku Zermatt kupita ku Verbier, umadutsa usiku; chaka cha mpikisano, mu Epulo nyumba za kuzungulira Arolla zimadzaza ndi ochita maseweredwe oyeserera, choncho lembetsani msanga. Kumapeto kwa nyengo sinowo amathera kumtunda kwa Zermatt, ndipo makilomita omaliza mumayenda wapansi ndi jombo zolimba mpaka ku Furi, kumene chikepe chimakutsitsirani m'tauni. Kubwerera ku Chamonix ndi pa sitima, kusintha ku Visp ndi ku Martigny, ulendo wa maola anayi kapena kuposerapo pang'ono, ndiye nsapato zopepuka ndi malaya oyera muzitumiziretu ku Zermatt kapena muzisiye ku hotela ya ku Chamonix.